Pakamwa pa a Wailesi

Malemu a Wailesi, osoka nsapato pakhonde la golosale, anali ndi pakamwa posatsekeka. Munthu uja ankayankhula, anthuni. Ukawapatsa moni m'mawa unkadziwiratu kuti kuntchito wachedwa basi. Ngakhale ataluma misomali, mawu ankatulukirabe m'mbali. Mowa anausiya kalekale, koma madzulo aliwonse ankalowa m'bala, n'kugula chakumwa chozizira, n'kusankha chidakwa chimodzi choti akhale nacho.

Kulalikira sankalalikira ayi. Ankangofotokoza mbiri ya uchidakwa wawo, ndipo mbiriyo inalibe mathero.

Tsiku lina tsoka linagwera Lumo, wometa tsitsi wa pafupi ndi siteji ya basi. Masiku amenewo zinthu zinali zitamuthina. Manja ankanjenjemera moti anacheka khutu la mphunzitsi wina, makasitomala n'kuyamba kumuzemba. Mkazi wake anali atatenga ana kupita kwa achimwene ake, atatopa ndi mowa wa mwamunayo.

"Mphwanga, pali munthu apa?" anafunsa a Wailesi, atakhala kale.

"Ndikufuna kukhala ndekha, madala."

"Inenso ndinkatero. Ndinakhala ndekha mpaka ndinadzuka m'ngalande galu akundinyambita kumaso. Galu wake yemwe ndinkamugenda tsiku ndi tsiku. Dikira ndikuuze za galu ameneyo."

Lumo anasamukira patebulo lina, nkhani ya galu n'kumutsatira. Analowa kuchimbudzi, a Wailesi n'kuima pakhomo kumapitiriza. Mowa unafunda m'botolo. Mawa lake anathawira ku bala yakutali, koma asanalawe n'komwe anangomva kumbuyo kwake: "Paja tinalekezera pa galu."

"Madala, ndikupatseni chiyani kuti mukhale chete?"

"Ubwere Lachitatu madzulo kuseri kwa shopu ya kalipentala. Kumeneko ine sindiyankhula."

"Bodza limenelo."

"Udzaone wekha."

Kunena zoona, Lumo sanapitire kusiya mowa. Anapita kukaona chozizwitsacho. Anapeza kachipinda ka mabenchi osamaliza kupala, muli dalaivala wa lole, mayi wogulitsa zovala za kaunjika, mlonda wina ndi kalipentala mwini wake, onse anthu olimbana ndi botolo. Aliyense ankanena zake mosabisa. Amene wagwa sabata imeneyo ankavomera kuti wagwa, popanda womuseka. Nanga a Wailesi? Anali pakona, ataluma chidutswa cha chikopa cha nsapato kuti pakamwa pasawapereke. Thukuta lili kamukamu, mwendo ukuvina wokha, koma ali duu.

Lumo anaseka mpaka misozi. Kenako anaona kuti misoziyo sikusiya, ndipo anayamba kufotokoza mmene ankasowera ana ake. Palibe anamudula mawu.

Atangotuluka panja, a Wailesi analavula chikopa chija. "Wayankhula bwino mphwanga, kungoti nkhani yako ilibe galu."

Kuyambira pamenepo Lumo sankajomba Lachitatu. Koma makasitomala ankaopabe makutu awo, ndiye a Wailesi anapereka chibwano chawo. Loweruka lililonse ankatulutsa mpando wometera panja kuti anthu aone.

"Ndimete ndevu."

"Manja anga sanakhazikike, madala. Komanso inu simutseka pakamwa."

"Ukaphunzirira pa chibwano choyendayenda, chokhazikika chidzakuvutanso?"

Ankachoka pamenepo nkhope yonse ili mathonje okhaokha, akulengeza msewu wonse kuti wometa ameneyu ndi katswiri. Anthu anayamba kubwerera, ena chifukwa chongowamvera chisoni mkuluyo.

Kenako a Wailesi anapita kwa alamu ake a Lumo kukapepesa m'malo mwake. Anafika m'mawa. Dzuwa likupendeka anali asanafike n'komwe pa chimene anabwerera. Alamuwo anaitanira mlongo wawo kuseri.

"Chemwali, bwererani kunyumba kwanu. Apo ayi, tisamuka ndife."

Mayiyo anabwereradi, koma anauza mwamuna wake mosapita m'mbali: "Bambo a ana, mukadzangolawanso, ndapita osabweranso."

A Wailesi anamwalira mwakachetechete, chinthu chimene palibe anawayembekezera. Anangotsamira khoma masana pakhonde lawo lija, nsapato ya eni ake ili pamwendo.

Masiku ano anthu a mumsewu uja akufika kuntchito pa nthawi yake, koma palibe akusangalala nazo. Pakhonde la golosale pangoti zii. Ngakhale mwini bala, yemwe ankadandaula kuti mkulu uja amamuthawitsira makasitomala, akuti madzulo akutalika.

Lachitatu lotsatira maliro, Lumo anaima nthawi yaitali pakhomo la bala. Kukhosi kunali kouma, mtima ukuwawa, ndipo ankadziwa kuti akalowa palibenso womutsatira. Anachita mantha. Anadzikoka mpaka kuseri kwa shopu ya kalipentala, n'kupeza anzake atangokhala, aliyense akuyang'ana pansi.

"Anzanga," anatero Lumo, "ine lero ndikufuna mowa. Ndikuufuna kwambiri."

"Inenso," anayankha dalaivala.

"Ndiye tikhale pompano mpaka chilakolakocho chitope," anatero mayi wa kaunjika.

Anakhaladi. Atabalalika, dalaivala anamuperekeza kudzera njira yozungulira, yosadutsa pa bala. Lumo anafika kunyumba ali bwinobwino, ana asanagone.