Nyumba ya Lendi, Ozizira Okha

Achemwali, pepani kukuvutitsani ndi zolembalemba pamene muli pa ntchito za eni ake ku Joniko. Izi ndimalembera ndekha kuti mutu usabalalike, koma zafika poti muzione. Muli zina zosayenera kuti munthu azimve kwa mlongo wake. Mukafika pamenepo werengani mothamanga. Mawu anu aja sindinawaiwale: nyumba yanu yaikulu ikangokhala mwezi wopanda munthu, puloti yonse mupereka kwa ejenti, ndi kachipinda kanga ka kumbuyo komwe.

LOLEMBA

A Mbewe, tenanti wathu, akutuluka Lachitatu la sabata yamawa, chaka chimene tinagwirizana chisanathe. Kuntchito awasamutsira ku Mzuzu. Sindikukangana nawo. Ndikufuna munthu wina basi, alowe simenti isanazizire.

Dongosolo:
- chikwangwani pa geti
- kusesa, kupaka layimu miyala ya m'njira
- kumanga chitseko cha bafa ndi waya watsopano
- kupempha a Mbewe kuti ofuna nyumba azilowa kuona masana, iwo akadalimo

Zitatu zoyamba zatheka dzuwa lisanakwere. Ntchito yooneka!

Chachinayi. Ndikuti odi, ndikupeza mphasa yoyala chopingasa pakhomo, pamphasapo mayi wachikulire atatambalala. Ndi a Nabanda a ku Dedza, amayi awo a Mayi Mbewe. Kani Mayi Mbewe achira Loweruka, mwana wamkazi, ndipo ali m'chikuta. Mpaka mchombo utagwa mayi ndi mwana satuluka, ndipo wotentha salowa, mwana angatsemphedwe. Wotentha, achemwali, mukudziwa: amene ali pabanja ndipo banjalo likuyenda. A Mbewe enieniwo awatulutsa ndi bulangete lawo.

Ndikufotokoza za anthu oona nyumba. A Nabanda akundiyang'ana kuyambira kumapazi, akufunsa za akazi anga. Ndikuti anatisiya kalekale.

"Lowani inuyo. Mukuchita kuonekeratu kuti munazizira."

Ndalowa! Pa Kawale yense mwamuna wololedwa m'nyumbamo ndine ndekha. Makoma ali bwino. Mng'alu wa pabalaza ndaukokera kalendala.

A Mbewe agona kwanga, pansi.

LACHIWIRI

Mkonono wa a Mbewe ngati chigayo cha dizilo. Sindikudandaula. Tenanti ndi tenanti.

Oyamba afika. Mwamuna ndi mkazi, ukwati wa mwezi watha, akuyenda atagwirana zala. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mawu akuchokera pamphasa:

"Awowo asapitirire pa mpopi. Akuchita kufuka nthunzi."

Mkazi akuyang'ana zala zake za kumapazi. Mwamuna akudzinunkhiza malaya.

Ndikuwazungulitsa kunja kuti aone pa mawindo. Windo loyamba, matewera. Lachiwiri, chitenje. Lachitatu, nkhope ya a Nabanda, omwe adzera m'kati kudzatichingamira. Liwiro lake mayi ameneyu!

"Tikuimbirani, madala." Nambala sanatenge.

Komabe si tsiku lotayika. Aona malata. Ayamikira mtengo wa mango. Ndipo ndaphunzira chinthu: kufunsiratu pa geti, munthu asanafike pa mpopi.

LACHITATU

Mafunsidwe ake. Ndayeserera ndili kubafa:
- Kunyumba kuli bwanji masiku ano? Ili silikufika.
- Mumagona motani? Ili lafikitsa.
- Pepani, ndinu otentha kapena ozizira? Ili ndiye lake.

Chimene sindinaganize ndi Okutobala. Dzuwa likuswa mtengo, malata akulira okha.

Bambo wa galimoto yoyera, munthu wooneka kuti salephera lendi, akupukuta thukuta m'khosi: "Kutentha kwake musanene, madala. Ine ndi mayi sitinagone mpaka kucha." Ndamubweza mwaulemu wonse. Wapita akutembenukatembenuka.

M'busa wa tchalitchi chatsopano: "Ndine wamoto, m'bale wanga, m'mawa ndi madzulo!" Ndamubweza. Ameneyu sindikumulira, m'galimoto mwake ndaonamo masipika.

Mayi wina mphunzitsi wamvetsa funso bwinobwino. Zimene wandiyankha sindilemba. Amayi a pa kiyosiki ya madzi azimvera okha, ndipo mpaka pano ndikadutsa akutsokomola.

Ndakhala pansi pa mango, ndaganiza. Vuto ndi pakamwa panga. Ndatenga penti yotsala pa geti, ndawonjezera mawu awiri pa chikwangwani: OZIZIRA OKHA. Tsopano chikwangwani chizifunsa chokha. Nzeru ngati imeneyi ejenti angaipeze kuti?

LACHINAYI

Anthu mbwee pa geti! Chiyambire sindinaone.
- wogulitsa mafirizi, akufunsa ngati filiji ndi yomwemo
- mayi wa nsomba zaziwisi, funso lomwelo
- amuna awiri a kabaza akuti ndiwapatse zozizirazo ziwiri, akuyesa ndatsegula bala
- bambo wa tayi akufuna kuona makina oziziritsa m'nyumba ngati a kubanki

Wozizira weniweni palibe.

Nzeru ina yabwera. Poti ine ndimalowa, ndalowa ndi chingwe, ndayeza zipinda zonse monyang'ama, mwana ali mtulo. Ndatuluka, ndapempha phulusa kwa aneba, ndajambula nyumba yonse pabwalo, kukula kwake komweko. Pabalaza, zipinda, khitchini, ndi mipata ya zitseko yomwe. Tsopano aliyense akhoza kulowa, wotentha ndi wozizira yemwe! A Nabanda alibe chonena, m'phulusa mulibe khanda.

Bambo wa tayi walowera pakhoma. Ndamubweza kuti akadzere pachitseko. Wamvera. Waima m'chipinda chogona, manja kumbuyo, wayang'ana kumwamba: "Denga lake n'lalitali ndithu." Ndathokoza. Atapita m'pamene ndamva chimene amatanthauza.

Nkhuku za aneba zapalasa khitchini. Kamvuluvulu watenga chipinda cha ana.

Choipa kwenikweni ndi ichi: ejenti uja wa jekete lachikopa waima kutsidya kwa msewu, akujambula chikwangwani changa pa foni, akuseka yekha. Achemwali, akakutumizirani chithunzi, tanthauzo lake ndi limene ndalemba pamwambapa, osati lina. Ndayang'ana kachipinda kanga nthawi yaitali lero. Bedi, njinga pakhoma, wailesi. Ndingapite nazo kuti pa msinkhu uno?

LACHISANU

Mulungu si munthu!

M'mawa pafika mayi wa duku loyera, thumba m'khwapa. Mayi Sakala, ogulitsa kaunjika, akukhala ku Biwi. Awerenga chikwangwani kamodzi kokha, osaseka.

"Muli khanda m'nyumbamo eti? Musavutike, abambo. Anzanga anatsogola. Ine ndili ngati madzi a mumtsuko."

Misozi yafuna kutuluka. Munthu woyamba kumva Chichewa sabata ino!

A Nabanda awayeza ndi maso, awafunsa kwawo, apinda mphasa ndi manja awo. Mayi Sakala avula nsapato, asamba m'manja, alowa. Ine pambuyo, chifuwa patsogolo.

Maonedwe awo ndi oopsa. Akugogoda makoma ndi chala. Akutsegula ndi kutseka chitseko chilichonse. Afika pa kalendala, aisuntha pang'ono, andiyang'ana. "Apa mumata." Ndavomera ndi mutu. Kwa mwana ndiye akhalitsa, iwo ndi a Nabanda, akunong'onezana ngati anakulira limodzi.

Potuluka: "Ndaitenga."

Tagwirana chanza pamaso pa a Nabanda ndi a Mbewe. Lero lomwe akukauza eni nyumba awo ku Biwi kuti akutuluka. Abwera Lachinayi m'mawa ndi lole. A Mbewe Lachitatu, iwo Lachinayi. Nyumba siigona yokha ngakhale sabata!

Zimene ndachita:
- ndazula chikwangwani
- ndachinyamula paphewa, ndadutsa nacho pamene amakhala ejenti, pang'onopang'ono
- ndabwerera njira yomweyo, mwina sanaone
- ndagula chakumwa, chozizira ndithu

A Mbewe aliza mkonono mmene angafunire lero.

LOWERUKA

Nthungululu m'mamawa. Mchombo wagwa!

Ameta mwana, amusambitsa, Mayi Mbewe atuluka akuphethira ndi kuwala. A Nabanda atenga khasu langa, apita pansi pa mango, akwirira mchombo, aponda ndi chidendene. Ine ndikusangalala nawo. Chikuta chatha, vuto latha.

Andiitana. Akuti mwamuna woyamba kunyamula mwana ndikhale ine, poti ndine wosaopsa. Ndakhala pampando, andiika kamwana m'manja. Kopepuka ngati buledi. Kandigwira chala. Kenako pantchafu panga pafunda.

"Wakukondani," atero a Nabanda. Ndipo mpweya womwewo: "Mwana wofiira chonchi akwere basi mpaka ku Mzuzu, basi yodzaza otentha okhaokha? Mchombo wake uli apo. Apita bambo ake okha. Ife tili pompano."

Ndikuyang'ana a Mbewe. A Mbewe akuyang'ana mango.

"Madala, notisi ija inali ya pakamwa. Tingoimeza."

Kunena zoona sakulakwa, chaka chawo sichinathe. Ndikanatha kukuwa, kukumbutsa kuti anali mboni dzulo lomweli. Koma kuimirira sindingathe, thalauza lanyowa, ndipo kamwana sikakusiya chala. Munthu ungamutulutse bwanji m'nyumba amene wangokukodzera kumene?

Ndiye matenanti ndili nawo awiri. Lolemba ndimaopa kukhala wopanda ndi mmodzi yemwe. Ukaona bwino, kupambana kwake n'kowirikiza.

Kudya kwakanika.

LAMULUNGU

Potuluka m'tchalitchi ndalunjika ku Biwi, mawu nditakonza. Ndapeza katundu ali m'mitolo, bedi lomasula. Eni nyumba awo apeza kale munthu wina. Anthu ena kufulumira!

Ndafotokoza zonse nditagwira chipewa. Mayi Sakala sanakalipe. Bola akanakalipa. Amanga duku, akuti tiyeni.

Tafika pa Kawale. Aima pabwalo, akuyang'ana mizere yotsala. "Ndiye ndigone m'phulusamu?" Maso awo akuyenda, apitirira mango, apitirira bafa, aima pa chitseko changa.

Alowa. Agogoda makoma. Atsegula windo, atseka. Aloza misomali ya njinga.

"Munthu mmodzi ndi mabelo ake, pakwana. Izi muzule, apa mumate. Ndaitenga."

Ndikanakana bwanji? Chanza ndinapereka ndine, pamaso pa anthu. A Nabanda aombera m'manja, apeza mnzawo wocheza naye.

Mmene zilili tsopano:
- nyumba yaikulu, muli anthu
- kachipinda ka kumbuyo, kamene sikanabweretsepo kanthu, muli munthu wolipira
- ejenti alibe polowera
- mwini dongosolo, panja

Ndikuvomereza. Palibe amene anandikankha.

Pempho langa, achemwali, ndi laling'ono. Kashedi ka makala kaja, pafupi ndi bafa, kali ndi makoma atatu abwinobwino. Ndiloleni ndikafolere ndi malata akale ali kuseri kwa chimbudzi, ndiikepo chitseko. Ndayeza ndi chingwe: bedi likulowa ndikapinda miyendo, njinga izigona kunja. Sindikhoma msomali pa puloti panu musanavomere. A Nabanda akuti ndisade nkhawa, kugona panja Okutobala uno mwina ndingafundeko pang'ono.

Chonde yankhani lisanafike Lachinayi, lole ya Mayi Sakala isanaime pa geti. Mukachedwa mundipeza m'nyumba ya phulusa ija. Pabalaza pokha m'pamene nkhuku zasiya.