Ufa wa Phala Umene Unkasanduka Nthunzi

Akuti m'mudzi wina, dzina ndasunga, ufa wa phala la ana a mkombaphala unkasanduka nthunzi. Ine ndimakhulupirira pang'ono, poti a komiti anachita kulumbira atagwira pamtima.

Mayi Nasibeko, mphunzitsi wa sayansi, anakana. Iwowa tsiku lililonse ankalemba pabolodi timalemba ndi tinambala, pakati muvi, n'kumati zolowa kumanzere zituluke zonse kumanja: chinthu sichisowa, chimangosintha maonekedwe. Amuna awo, a Chikaonda, ndiwo anali mlonda wa nyumba yosungira ufayo, ndiye mayiwo sankafuna kuti banja lawo lipakidwe matope.

Pamsonkhano anaimirira n'kuloza a Gwedeza, Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoona za Phala ndi Zina Zogwa Mwadzidzidzi.

"Bambo, kusikelo ana onse pamodzi apepuka makilo khumi ndi awiri. Ufa uli kuti?"

"Mayi, simunaphikepo? Phala likamabwata, chouluka chija mumati n'chiyani?"

Mayiwo anaphika phala pomwepo, n'kuwapatsa chivundikiro. "Nyambitani. Madzi okhaokha! Ngati ana apepuka kumanzere, ena alemera kumanja. Zikapanda kufanana, choko ndisiya lero."

Anabwereka sikelo ya mavenda a soya, n'kuipachika mumtengo wa mango. Mabuku a kuchipatala anabwera, osonyeza mmene aliyense ankalemerera phala lisanayambe. A Chikaonda, mwaulemu wonse, anadzipereka kukweza akuluakulu pasikelo.

A Gwedeza anavula jekete, nsapato, wotchi, mpaka anakataya madzi kuseri. Makilo asanu owonjezera. Mayi Nankhoma, Wophika Wamkulu, anayi.

"Ine ndili ndi pakati," anatero, agogo a zidzukulu khumi.

Asanu kuphatikiza anayi, makilo asanu ndi anayi basi. Atatu osaoneka.

"Atatuwo ndiyo nthunzi ija!" anafuula a Gwedeza akuvala nsapato. "Perekani choko, mayi!"

Mayi Nasibeko anafika kunyumba maso ali gwa, n'kuyamba kulemba kalata yosiya ntchito. Pambali, a Chikaonda ankalimbana ndi batani la buluku, buluku lomwe lija mayiwo ankanyadira kumpopi kuti lathina chifukwa cha kuphika kwawo.

Batani linathothoka, n'kugwera pakalatapo.

"Amake Tiyamike," anatero a Chikaonda chapansipansi, akusisita mimba, "mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ng'ambani kalatayo. Sayansi yanu siinaname. Atatu aja ndi awa."