Womasulira wa a Lufeyo ku Mbenji

Lolemba
Nkhani ili motere. A Lufeyo, msodzi wosamva, akufuna malo m'boti lopita ku Mbenji Loweruka. Mwini boti akuti amene savomera malamulo a pachilumba pamaso pa anthu abwerera tsiku lomwelo, pakuti mmodzi akalakwa amathamangitsa boti lonse. Womasulira chinenero chamanja alipo mmodzi dera lonse lino, Mayi Nachisale. Koma pa Mbenji mkazi sapondapo. Tsono ndadzipereka ine, amene ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu. Dongosolo: kutsatira Mayi kulikonse, kujambula m'kope zizindikiro makumi anayi patsiku, kubwereza m'mawa. N'zotheka!

Lachiwiri
Tili ku msika wa paboma, kumene Mayi akumasulira zonena za mayi wina wosamva wogulitsa mpunga. Pachipata a yufi akufuna khadi la chipani. Ndikulifufuza m'matumba asanu, ndipo polowa ndikupeza zokambirana zili kumapeto. Zimene ndajambula lero:
1. nsomba
2. mawa
3. chinthu chonga nkhanu, chimene tanthauzo lake landithawa.
Mayi akuti: "Aphunzitsi, maso akakhala pakope ndiye kuti mwatseka makutu."

Lachitatu
Vuto limene sindinaliganizire: nkhope. Funso limafunsidwa ndi nsidze, kukana kumaoneka pamilomo. Yanga inauma kalekale ndili mphunzitsi wamkulu. Ndikuiphunzitsa pagalasi ola lathunthu. Akunyumba akufunsa ngati dzino layambanso kundiwawa. Nditalingalira mofatsa, ndatsitsa chiwerengero: khumi patsiku. Uku si kugonja, n'kukonza dongosolo.

Lachinayi
Ndikuyeserera ndi a Lufeyo eni ake pakhonde pawo. Malamulo atatu: mowa ayi, njuga ayi, chamba ayi. Dzanja lamanzere lagwira kope, motero ndikulankhula ndi theka la pakamwa. Lamulo la mowa lokha latenga mphindi makumi awiri, chifukwa ndayamba ndi mbiri yake ndi zifukwa zinayi. Ndisanafike pa chachitatu, a Lufeyo atembenuka, akusoka ukonde. Mayi: "Akatembenuka mwatha. Agwireni paphewa." Kugwira bambo wa ana asanu paphewa! Sindinaleredwe motero. Komabe ndagwira.

Lachisanu
Mayi alanda kope. "Mudzalipeza mukabwerako." Ndatsutsa ndi mfundo zitatu, amvetsera zonse mwaulemu n'kulilowetsa m'thumba. Ndasita jekete lakuda, poti manja amaoneka bwino pansalu yakuda. Malamulo onse ndikuwanena tsopano m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Mawa a Lufeyo sabwerera kumtunda chifukwa cha ine. Ayi ndithu!

Loweruka
Mwera! Ndipo n'koyenera kulemba poyera kuti chibadwire sindinakwerepo boti. Manja onse awiri agwira thabwa kuchokera padoko mpaka pachilumba. Pofika, zala zakana kutambasuka. Malamulo akulengezedwa, asodzi akhala pamchenga, ine ndagwada kuseri kwa mwala, ndikubweza phala la m'mawa. Ndikumva mwini boti: "Womasulira wa jekete uja walowera kuti? Apo ayi, Lufeyo akwere abwerere." Ndikukwawa kuti ndikafike. Ndikupeza a Lufeyo aimirira okha. Akumwa botolo losaoneka, akudzandira, akudzigwira pakhosi n'kudzikokera kumadzi. Njuga chimodzimodzi, chamba chimodzimodzi. Mphindi imodzi! Anthu akuwomba m'manja. Mwini boti: "Uyu wamva kuposa tonsefe. Atsale."

Lamulungu
A Lufeyo atsala. Inenso ndatsala, pakuti mwera sunaleke ndipo sindikweranso chinthu chija mpaka nyanja itagona. Akuti mwina Lachinayi. Asanapite kukaponya ukonde, a Lufeyo andifotokozera ndi manja, pang'onopang'ono monga timachitira ndi ana a sitandade wani, kuti ndizitembenuza utaka pathandala ndi kuingitsa akhwangwala. Abwereza kawiri. Ndamva zonse. Ntchito imeneyi manja anga akuikwanitsa.