Sabata Imene Munda Wanga Unali Wachitsanzo

Lolemba

Andisankha! Ine amene!

Kumsonkhano wa kalabu yathu ya alimi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Chiringa, alangizi a zaulimi alengeza kuti boma lili ndi thandizo la makalabu amene akusamalira nthaka. Loweruka kukubwera alendo ochokera kuboma kudzaona munda umodzi. Akakhutira, kalabu yonse ilandira mawilibala, mbewu ya nandolo ndi kalongonda, udzu wa vetiva wotchinga madzi, mwinanso mbuzi zopatsirana. Munda umodziwo ndi wanga!

Alangizi akuti, "Wanuwu uli m'mbali mwa msewu, komanso ndi umene watopa kwambiri." Mawu omalizawo sindinawamve bwino, amayi a kalabu anali atayamba kale nthungululu.

Kutopa kokha watopadi. Chaka chatha chimanga chinalekezera m'chiuno, ndipo chigwembe chimene madzi a kuphiri la Michesi anakumba chikudya mundawo ngati chili pa ganyu. Ndi munda umene anandisiyira mayi. Wina ndilibe.

Zoti ndichite: osatentha, osagalauza, kuphimbira nthaka yonse ndi mapesi. Mulu wa manyowa pakona. Nyimbo yolandirira alendo. Bulauzi yatsopano (iyi alangizi sanatchule).

Bambo akunyumba akuti, "Munda wopanda mizere? Ndiye tizikemo magolo, anthu azimenyeramo mpira." Asiyeni alankhule.

Lachiwiri

Mapesi, mapesi, mapesi! Amayi a kalabu tatuta kuyambira m'mawa, tapemphetsa m'minda ya anthu mpaka kutsidya kwa mtsinje. Khosi lalowa m'mapewa, koma munda wafunda ngati khanda. Ndakwera pachulu kuti ndiuone wonse. Kukongola kwake! Ukapondapo ukulira kuti tswa, tswa.

Odutsa mumsewu akuima. Wina wa njinga wafunsa ngati tikuyanika kapena tikusamuka. Ndamuuza kuti abwere Loweruka adzaphunzire.

A Esinati, anzathu a m'kalabu amene munda wawo uli kumtunda kwa wanga, akuti nawonso aphimbira kwawo, "mwina basi." Nsanje! Alendo a galimoto angakwere chitunda chimene chija?

Nyimbo ndapeka kale: "Moto ayi, khasu ayi, nthaka yathu ifunde!" Tiivina ngati tchopa. Ndayeserera kubafa, sopo wagwera mumchenga.

Lachitatu

Mbuzi.

Mbuzi za a Makwinja, aneba athu. Nyengo ino ziweto zimangoyenda zokha, ine ndinaiwala. Ndikufika kumunda, ndikupeza msonkhano uli mkati: zonse zaweramira mapesi anga, tonde ali pachulu ngati tcheyamani. Masamba zadya, zandisiyira ndodo. Mbali ya kumsewu, yomwe alendo ayambe kuona, yatsala pamtetete.

Ndathamangitsa, ndagwa, ndadzuka, mpango watsalira pachitsamba.

Koma ine si munthu wogwa ulesi msanga. Kuseri kwa nyumba kuli mitolo ya udzu imene bambo anamweta kuti afolere khitchini mvula isanayambe. Udzu ndi udzu, nthaka sisankha chofunda. Ndasenza yonse. Mundawo wakongola kuposa dzulo!

Bambo: "Udzu wanga uli kuti?"

Ndawauza kuti uli pa ntchito ya boma. Kuti mtima utsike ndawapatsa udindo: kuyambira lero ndiwo mlonda wa munda wachitsanzo. Anyamula mpando ndi wailesi, apita akuyenda ngati munthu wolembedwa ntchito.

Lachinayi

Tsiku la manyowa. Pakufunika masamba, phulusa, gaga, madzi ndi ndowe. Zonse ndili nazo kupatula ndowe. Nkhuku zanga sizingakwanitse ngakhale zitalimbikira bwanji.

Ndapita ndi thumba kukhola la a Makwinja. Akuti, "Ndowe zimenezi nzanga, ndithira kudimba." Ndawafunsa mwaulemu wonse: achimwene, zimene zinalowa kutsogolo dzulo anali mapesi anga, nanga zotuluka kumbuyo lero ndi za yani? Akazi awo aseka mpaka kukhala pansi. Tagwirizana kugawana pakati. Chilungamo chilipo m'dziko muno!

Mulu waima, wofika m'chiuno. Alangizi adutsa pa njinga yamoto, apisamo dzanja, akuti sungapse pofika Loweruka, "koma fungo likupereka chiyembekezo." Ndikununkha mbuzi mpaka m'tsitsi, ndipo ndine wosangalala.

Telala wa ku Migowi akuti bulauzi itha mawa. Ndikatenga ndekha, asandipatse ya wina.

Ndikuloweza mawu: "Takulandirani, alendo athu olemekezeka, kumunda uno wa mleranthaka." Mle-ra-ntha-ka. Lilime likupunthwa pakati. A Esinati akhala nane pakhonde kundimvetsera, akuti ndibwereze, ndibwerezenso. Mwina si munthu woipa.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Bulauzi ndi yabwino. Ndiyambire pamenepo. Ya manja otukumuka.

Pobwerera pa kabaza ndikuona utsi patsogolo. Ndikuuza wakabaza kuti taonani anthu osamva, akutenthabe minda zaka zino! Tikuyandikira. Utsiwo uli m'mbali mwa msewu. Pali chulu. Chulucho ndikuchidziwa.

Amalume anga, a Namakhwa, alongo awo a malemu mayi, aima pakati pa phulusa, khasu lili paphewa, thukuta lili chuchuchu, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Mwanawe, ndinamva kuti kukubwera a boma. Ndinati mwana wa mlongo wanga asachite manyazi ndi zinyalala zonsezi. Ndakukonzera!"

Ayamba kale ndi mizere. Yowongoka bwino, ya mmisiri.

Mlonda? Anapita pamsika kukagula mabatire a wailesi.

Munthu wamkulu, wabwera wapansi kuchokera kwawo, osalawa kanthu, chifukwa cha ine. Ndinene chiyani? Ndagwada, ndati zikomo amalume. Ndawaphikira makaka, chinangwa chouma chija, ndi nandolo, adya mokhutira ngati munthu amene wagwira ntchito yooneka. Ine ndakalirira kuseri, kenaka ndayamba kuseka osaleka, mpaka bambo abwera kudzasuzumira ngati mutu uli bwino. Za udzu wawo sanafunse. Za mabatire sindinafunse.

Zatsala: mulu wa manyowa (moto unaulambalala, mwina fungo), nyimbo, bulauzi.

Loweruka

Abwera! Galimoto yoyera, abambo a zipewa, mayi wina wojambula ndi foni.

Alangizi atsika, aona munda, avula chipewa, avalanso. Amayi a kalabu andanda kale ndipo palibe wawauza kuti asiye, ndiye ng'oma yalira: "Moto ayi, khasu ayi!" Tikuvina pa phulusa. Fumbi lakuda likukwera mpaka m'mano. Mizere ili kumbuyo kwathu, mwini mizere ali kutsogolo atavala jekete, akuwomba m'manja. Ndikanatani? Ndavina. Ndavina kuposa onse!

Mkulu wa alendo wafunsa ngati ili ndi sewero. Alangizi, Mulungu awadalitse, ayankha osaphethira: "Bwana, tayamba dala ndi kukuonetsani vuto. Yankho lili kumtunda."

Akwera. Wapansi, ndi nsapato zawo zopolisha, akwera chitunda chonse mpaka kwa a Esinati. Kumeneko mapesi ayalidwa bwinobwino, mbuzi sizinafikeko, amalume sanafikeko. A Esinati alankhula mawu anga olandirira alendo, ndi mleranthaka yemwe, osapunthwa ngakhale pang'ono. Ine ndili kumbuyo, milomo ikutsatira yokha.

Potsika andijambula nditaima pa phulusa. Andipempha kuti ndisamwetulire.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Ondipepesa akuyamba bwino, koma pakati mapewa akuwagwedezeka.

Alangizi atumiza uthenga: kalabu yadutsa, thandizo libwera. Wilibala yoyamba izikhala kwa a Esinati. Vetiva ayambira kwa ine, popeza alendo onse anagwirizana kuti munda wovutika chotere sanauonepo. Abweranso mvula ikagwa kudzaona ngati wasintha.

Ndiye uyenera kufundanso. Mapesi m'mudzi muno atha. Otsala ali kwa achemwali awo a Esinati, kuseri kwa phiri, ndipo a Esinati ati andiperekeza. Ndavomera, ndathokoza, mawu atuluka movutikira koma atuluka. Amalume akuti abwera kudzathandizanso. Ndawapempha kuti abwere chimanjamanja, m'matumba mopanda machesi.

Thupi lonse likuphwanya. Mawa tinyamuka dzuwa lisanakwere. Nkhata ndapinda kale, ili pakhomo.