Mikono Yamanzere ya ku Fomu Wani

Usiku wathawu, aphunzitsi anzanga, ine Matupa ndinalota zoti ngakhale mfiti itamva ikhoza kunena kuti, "Ayi, izi zanyanya." A Zuze, ikani kaye kapuyo pansi, mungatsamwe. Mayi Nangondo, kankhani chitsekocho, ana angamve kuti mphunzitsi wawo wa masamu amalira kutulo.

Gwero lake mukulidziwa. Lero kukubwera a Thawale, oyendera masukulu aja, kudzaonera phunziro langa ku Fomu Wani. Ahedi anandiuza maso ali gwa kuti a Thawalewo akapanda kukhutira, ine ulendo wa ku Mwalawanjuchi, kumene foni imagwira ukakwera pachulu ndipo minibasi imabwerera panjira. Mayi akunyumba atamva anangoti, "Kumeneko mukapita nokha." Ndiye ndinachita zimene tonse timachita kukamabwera alendo. Musayang'ane kudenga a Zuze, nzeruyi munandipatsa ndinu. Ndinatenga samu imodzi, x + 3 = 7, n'kuwaimbitsa ana mpaka inawalowa m'mafupa. "Ekisi ndi chiyani?" "Folo!" Kenaka ndinawapangira kuti ndikafunsa funso aliyense akweze mkono, wodziwa akweze wamanja, wosadziwa akweze wamanzere, ine ndiziloza amanja okhaokha. Mlendo aone nkhalango ya mikono, apite akumwetulira, ine ndikhale.

Ndiye kutuloko ndinangopezeka ndili m'kalasi, taye ali pakhosi, koma kumapazi kuli patapata wa mkazi wanga. Ndikuti nditole choko, chokocho n'kudzigubuduza kuthawira kumapeto kwa tebulo.

"Bwana, samu yomwe ija kodi?" chinatero choko. "Taonani mmene ndafupikira. Anzanga amatha ataona dziko, ine ndathera pa samu imodzi."

"Musavutike n'kulemba," linayankhira bolodi ndi mawu aulesi. "Ndinailoweza kale."

Ndipo zoona, samu ija inangotuluka yokha pabolodipo ngati chipere pamutu pa mwana.

Mwadzidzidzi chitseko chinati phwa, ahedi balamanthu, akupuma mothamanga. "Afika! Afika!" Akulankhula choncho khosi lawo linayamba kufiira, kachikopa kena n'kulendewera pamphuno, jekete lija n'kufufuma, kumbuyo nthenga zili yalaa. Ahedi athu omwewa, nkhukundembo yeniyeni! Inazungulira tebulo langa mapiko akukwekwesa pansi. "Gulu-gulu-gulu! A Matupa, musandichititse manyazi! Gulu-gulu-gulu!"

Ndiye njinga yamoto inalowera pawindo, n'kukaima pa desiki lakumbuyo. A Thawale anatsika, anavula chisoti, ndipo m'chisotimo munatuluka mutu wa bilimankhwe. Anayamba kubwera kutsogolo, mwendo umodzi kuutukula, kuganiza kaye, kuubweza, kuutukulanso. Ana anaima kuti alonjere, anatopa, anakhala, ena anagona n'kudzuka, iye asanafike pakati. Koma chimene chinandiopsa ndi maso ake. Diso lina linkayang'ana kumanja, lina kumanzere, lililonse payekhapayekha. Ndinati mayo ine, mwa nyama zonse za m'tchire anditumizira yoona mbali zonse!

"Yambani, aphunzitsi," anatero bilimankhwe.

Ndinatsokomola, ndinakonza taye. "Ana inu, ekisi ndi chiyani?"

Mikono inati nyamu, kalasi yonse. Ndinayamba kusakasaka wamanja woti ndiloze. Kutsogolo, amanzere. Pakati, amanzere. Kumbuyo kwa akuluakulu ometa ndevu kuja, amanzere. Wamanja ngakhale umodzi wa mankhwala, ayi ndithu. Chala changa chinangotsala m'malere. Mwayi wake anawo sanadikire kulozedwa, anangoyankhira pamodzi ngati kwaya ya pa Pasaka: "Foloooo!"

Apo mpamene Ekisi anadumpha kuchoka pabolodi, n'kutera pansi kuti di! Anali bambo woonda, manja ndi miyendo zopingasa, nkhope ya munthu amene sanagone.

"Aphunzitsi, ndatopa nanu," anatero Ekisi. "Ine dzina langa si Folo. Ine ndine waganyu. Lero andituma ndikhale folo, mawa ndikhale twelofu, mkuja ndikhale theka, zimatengera amene ndaima nawo. Inu mwandimangirira pachikhomo chimodzi ngati mbuzi ya m'dzinja. Ndikamadutsa pamsika ana anuwa amandikuwiza kuti Folo, Folo. Mkazi wanga wayamba kundikayikira."

"Tikambirana alendo akapita," ndinamunong'oneza. "Bwererani pabolodi, achimwene, ndapota nanu."

Koma iye analiyatsa liwiro, ndiye pamene ankaponda simenti inkasanduka madzi, mwadzidzidzi pakati pa kalasi panadutsa mtsinje wodzaza, madesiki akuyandama ana ali pomwepo, mikono ili m'mwamba. Timizere tiwiri tija ta pakati pa samu tinatalika n'kukhala mlatho wa matabwa awiri. Ndiye ndinaona Fili, 3 wa pasamu uja, akubwera. Anali mayi wopindika msana, atasenza nkhuni ziwiri zopingasa pamutu, ndiye pulasi wakeyo. Pakamwa pa mlatho panali nyani wovala chipewa, wezulo ili kukamwa.

"Prrrr! Wowoloka aliyense asiye nkhuni imodzi!"

"Pepani bambo, ndikaphikira ana," anadandaula Fili.

"Lamulo ndi la a Matupa, ine ndimangogwira ntchito," anatero nyani, n'kusolola nkhuni imodzi. Fili anafika tsidya linalo ndi nkhuni imodzi yogona, pulasi uja atasanduka mainasi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ana anga anaombera m'manja ndi dzanja limodzi, musandifunse kuti bwanji, akuimba nyimbo imene ndinawaphunzitsa ndekha: "Akawoloka asintha! Akawoloka asintha!"

Mmodzi yekha sankaimba. Talandira, mukumudziwa, kamtsikana kofatsa kaja kokhala pafupi ndi chitseko, kamene chaka chonse sikanayambe kandivutitsapo. Mkono wake wamanzere unali njo, maso ali pa mayi uja.

"Aphunzitsi," anatero Talandira, "nkhuni ya amayiwo aitengeranji? Alakwa chiyani?"

Anzanga, funso limenelo ndi limene mphunzitsi wa masamu amalidikira moyo wake wonse. Yankho linali pamilomo pangapa. Koma ndinamva diso lamanzere la bilimankhwe likundiyenda pakhosi, ndinaona nkhukundembo itatupa kawiri, ndiye ndinawerama n'kumuuza ndi mawu apansipansi, "Khala chete iwe, alendo akuona."

Mwadzidzidzi lilime la bilimankhwe linachoka kumbuyo kwa kalasi, linadutsa pamwamba pa mitu ya ana, n'kukanyambita seveni uja pabolodi kuti psiti. Linabwerera, linatafuna, n'kulavulirapo teni.

"Funsaninso, aphunzitsi."

Mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye. "Ekisi kuphatikiza fili, yankho teni. Ekisi ndi chiyani?"

"Foloooo!"

Lilime linapitanso, n'kuikapo fifite.

"Foloooo!"

"Dzina la mphunzitsi wanu ndani?" anafunsa bilimankhwe.

"Foloooo!"

Nditasuzumira pawindo ndinaona lole itaima pakhomo panga, bedi langa lili kale pamwamba, mayi akunyumba akutsitsamo mapoto awo mmodzimmodzi. Ndinati basi, kwanga kwatha, ndikagule nsapato zokwerera chulu.

Koma bilimankhwe anayamba kusintha mtundu, wobiriwira, wachikasu, mpaka anafanana ndi nthenga za ahedi, ndiye anaimirira n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Chiyambire ntchito imeneyi sindinaone kalasi yotere," anatero. "Aliyense wakweza mkono! Aliyense!"

"Nanga mayankhowo, bwana?" linafunsa bolodi, lopanda mwambo lija.

"Mayankho ati? Tandiyang'anani bwino, makutu mukuwaona pamutu pangapa? Ine ndimawerenga mikono. A Matupa, simusamuka. Mukalambira pano."

Eee, chimwemwe chake! Lole ija inasungunuka ngati sopo wa m'bafa. Nkhukundembo inandikumbatira ndi mapiko. Inu Mayi Nangondo munalipo, mukuimba nthungululu mutakwera pa desiki. Ine ndinavina, ndinavina, patapata uja mpaka anaduka, ndiye ndikuti ndiwerame ndimutole, msana unakana kuwongoka. Ndikuti ndigwire kumutu, tsitsi mulibe. M'dzanja muli ndodo. Mwadzidzidzi ndinali nkhalamba, ndikuyenda pamsika wathu womwewu, ndipo aliyense amene ndinkakumana naye anali mwana wanga wa ku Fomu Wani, wamkulu tsopano, wandevu, wina wobereka mwana kumsana, koma onse mkono wamanzere uli m'mwamba. Wakabaza akupalasa ndi dzanja limodzi. Wogulitsa tomato akuthira m'jumbo ndi dzanja limodzi. Makomo onse a pamsikapo anawaboola pamwamba kuti mikono izidutsa.

"Aphunzitsi! Aphunzitsi athu!" ankandithamangira mwachikondi chenicheni. Telala anandipatsa mphatso ya buluku, nditaitambasula ndinapeza miyendo inayi. Mmisiri anandikokera kuti ndikaone nyumba imene anandimangira: zitseko zinayi, khoma lililonse chake, koma denga ayi, malata anagula anayi basi. Ndinafunsa kamnyamata kena kuti kuchipatala n'kutali bwanji, chifukwa m'mimba munali mutayamba kupota, mayi ake n'kukayankhira, "Folo, agogo."

Ndiye sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ndinangopezeka ndili m'wilibala, akundikankha ndi Ekisi yemwe uja, atakalamba nayenso, pachifuwa atamulemba folo ndi penti.

"Mwaona ntchito zanu?" anatero Ekisi. "Chikhalireni sindinapezenso ganyu ina."

Anandikhuthulira pa bedi lachipatala chafufumimba, buluku la miyendo inayi lija n'kulitsitsa. Ndinamva mapazi a namwino akubwera. Nditapotoza khosi ndinaona yunifomu yoyera, kachipewa koyera, ndi mkono wamanzere uli njo, woonda ngati bango. Talandira.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" anandilonjera mwaulemu, bondo n'kupinda. "Adokotala anena kuti mankhwala anuwa ndi aukali. Majakisoni onse pamodzi akhale anayi, akapitirira pamenepo munthu sadzuka. Atatu anakubayani kale muli chikomokere. Ndiye andiuza kuti ndipeze otsala."

Anatembenukira kukhoma n'kulemba ndi dzanja lamanja, zilembo zokongola zedi: x + 3 = 4.

"Wani!" ndinakuwa. "Watsala mmodzi, mwanawe! Wani!"

"Ayi aphunzitsi, mwadwala, mwayamba kuiwala," anatero Talandira mondimvera chisoni. "Ekisi ndi folo."

Ndiye anatsegula kabati n'kutulutsa majakisoni anayi, aliyense ngati musi. Majakisoniwo ankakanganirana okhaokha. "Ndiyambe ine!" "Iwe unayamba dzulo, mbali yamanjayo ndi yanga!"

Anzanga, sindinayambe ndaphunzitsapo mmene ndinaphunzitsira pa bedi limenelo, chafufumimba, kumbuyo kuli pamtunda. "Talandira, tamvera! Timizere tiwirito si mlatho, ndi sikelo! Mbali iyi ndi iyo zimalemera chimodzimodzi. Palibe amene amawoloka, palibe amene amalandidwa nkhuni, za nyani zija ndinkangofuna kuti zithe msanga. Ukachotsa fili mbali ino, uchotsenso fili mbali iyo kuti sikelo isapendeke. Tachotsa uone! Pa folo ukachotsa fili patsala chiyani? Funsa chilichonse, mwana wanga, funsa, ndiyankha!"

Talandira anaima, jakisoni ali m'dzanja. Anayang'ana kukhoma, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana pakona. Pakonapo, pa mpando wa odikira odwala, panali bilimankhwe uja, diso limodzi lili pa ife.

"Khalani chete, aphunzitsi," ananong'ona Talandira. "Alendo akuona."

"Asiye aone! Tsitsa mkonowo, tiyambirenso!"

"Sutsika," anatero, misozi ili mbwe. "Munati wosadziwa akweze wamanzere. Ine ndinakweza, aphunzitsi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti mundiloze."

Ine ndinalira, a Zuze, musaseke. Ndinalira ngati mwana, osati chifukwa cha jakisoni ayi. Ndinayesa kutukula chala kuti ndimuloze, koma Ekisi anali atandipana manja, majakisoni anayi aja atandandalika pamzere, woyamba akubwerera m'mbuyo kuti apeze liwiro, ndiye anayamba kuthamanga, khwa, khwa, khwa, khwa...

Khwa, khwa, khwa. Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo pakhonde mayi akunyumba ankagwedeza simbi ya makala kuti phulusa ligwe.

"Abambo a Chifuniro, dzukani," anatero. "Malaya oyera aja ndasita, alendo anu asakupezeni ndi makwinya. Ana aja munawakonza bwino, eti?"

Ndinakhala tsonga pabedipo, thukuta lili kamukamu.

"Amayi a Chifuniro," ndinatero, "makalawo asazime. Lero ndikaloza amanzere. Sitani ndi malaya enawo. Mwina tikhala tikupakira."