Thunthu la Nthochi pa Chipilala

Amwali, tamvani zomwe ndalota usiku wathawu, mundiuze ngati mutu wanga ukadali bwino.

Ndinalota ndili pamphambano ya m'tauni, paja amanga chipilala cha amalinyero omwe anamira m'nyanja yamchere pa nkhondo ya azungu. Agogo anga a Faisoni, bambo awo a mayi, ankaponya malasha m'sitima ina yomwe inamira. Mtembo sunabwere, ndiye kwathu anaika thunthu la nthochi m'manda. Ndiye ndikuona thunthu lija likubwera, lavala nsanda, likudumphadumpha pakati pa maminibasi.

"Mdzukulu," likutero, "zaka zonsezi ndikumugonera munthu m'manda mwake. Tandiwerengere dzina lake pamwalapo, ndikapume."

Ndiye ndikuyang'ana pamwala. Ha! Olemekezeka a Khansala, olemekezeka a Wapampando, mpaka amene anapereka simenti. Omira aja awalemba mawu awiri basi: "ndi ena."

Nangula wa sitima wachitsulo yemwe anamuika pamwamba pa chipilalacho anaseka mpaka dzimbiri kuyoyoka. "Musandiyang'ane ine, mayi. Anandiwotcherera kuseri kwa msika, madzi sindiwadziwa."

Mwadzidzidzi a Khansala atulukira, suti ikuchita kunyezimira. "Abale ndi alongo, ngwazi zathuzi sitidzaziiwala!"

"Tchulani imodzi, bwana," ndinatero.

Anatsegula pakamwa, n'kutuluka "meee!" Nyanga zinaboola chipewa. Kutembenuka, mipando yonse yakutsogolo mbuzi zokhazokha, zina za matayi. Zinadya pepala la mayina, zinadya nkhata za maluwa, kenako zinaunjirira thunthu lija. Zopanda manyazi!

"Asiyeni, amenewo ndi agogo!" ndinakuwa, mtima ukundiwawa zedi.

Mbuzi ya mandala inadzutsa mutu, kukamwa kuli tho. "Mayi, madandaulo timalandira Lachiwiri."

Ndiye ndikufuna ndigende, mwala uliwonse ndatola walembedwa kale dzina la a Khansala. Thunthu likutha, likungoti, "Werenga, mdzukulu, werenga..."

Ndinadzidzimuka ndi kugogoda kwa simbi yamakala. Ndi mayi, akusita chilundu chawo chija amasungira kutchalitchi.

"Dzuka iwe, mwambo wotsegulira chipilala uyamba teni koloko. Ukandisonyeze pali dzina la atate, ndikaligwireko ndi dzanja ndisanafe."

Dzulo pochokera kumsika ndinasuzumira kale kunsi kwa nsalu yomwe aphimbira mwala uja, ndipo dzina la agogo palibe. Mayi sadziwa kuwerenga, amwali. Wokawawerengera ndine.