A Norkobil Achira Pakamwa Pokha

Inu, sunthirani kuno, tiyi wanuyo bwerani naye. Mwawaona akulu adutsa apawa, a chimkanjo cha mizeremizere, akuyenda ngati asenza mazira? Ndi a Norkobil amenewo, anansi anga a mpanda umodzi. Mukawapatsa moni akuyankhani kuti ali bwino. Musawamvere! Kuyankha komweko kunatsala pang'ono kuwagoneka m'nyumba yopanda moto chisanu chonse.

Msana wawo unathyoka kalekale ku fakitale ya thonje, belo litawagwera kuchokera pamwamba pa mulu. Madokotala anawaika zitsulo, ndipo kuyambira pamenepo boma limawapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Si ndalama yoti mungakwatitsire mwana, ayi, koma ndi imene imagula jakisoni wawo ndi malasha a m'chisanu. Vuto n'lakuti chaka chilichonse amayenera kukaonekera ku komishoni ya madokotala, kuti akaone ngati zitsulo zija sizinasanduke mafupa.

Zaka zonsezi pampando pamakhala dokotala wa konkuno, wowadziwa kuyambira tsiku la belo. Ameneyo sankafunsa kanthu, ankangosaina. Koma chaka chatha anapuma ntchito, n'kubwera mtsikana wochokera ku Tashkent, likulu la dziko lathu, wophunzira bwino, waulemu, wa khalidwe limodzi loopsa: amalemba zimene wamva.

"Muli bwanji, bambo?" anafunsa mtsikanayo.

Tsono inu mukudziwa mmene tinaleredwera kuno. Munthu akakufunsa za moyo, dzanja pamtima, mutu pansi pang'ono, n'kuyamika Mulungu. Ngakhale nyumba ikupsa kumbuyo kwako, uyamike kaye, za motowo unena pa kapu yachitatu ya tiyi. Kudandaula ndi kusayamika, ndipo a Norkobil kusayamika amakuopa kuposa chinkhanira.

"Tikuyamika, mwana wanga, tili bwino kwabasi. Kaya inu? Makolo ali bwanji? Ntchito sikukutopetsani? Madzi akuno akukuyanjani?"

"Msana ukupweteka?"

"Aa, msana ndi msana. Ena alibe ndi miyendo yomwe."

"Mungayende mtunda wautali bwanji?"

Tsoka ilo, nesi wa m'chipindamo anali mwana wa mnzawo wa ku fakitale, ndipo a Norkobil pa unyamata wawo ankagwetsa amuna pa masewera olimbana a pa maukwati. Anene pamaso pa mwana wa mnzawo kuti pofika pachipata amapumira kawiri? Anapotokola ndevu zawo zapamlomo.

"Ine? Ku mzinda wa Samarkand, kutali konse kuja, ndikhoza kupita wapansi, kukagula buledi n'kubwera naye akadali wofunda."

Mtsikana uja analemba. Polemba pomwepo cholembera chinamupulumuka n'kugubudukira pansi pa tebulo. Nanga mwamuna woleredwa bwino angaonerere mlendo, wamkazinso, akuwerama iye ali chikhalire? A Norkobil anati pansi weramu! M'kati msana unati phwa, m'maso munachita mdima, koma cholembera anachipereka ndi manja awiri, akumwetulira. Potuluka anapeza nesi uja akulimbana ndi chigubu cha madzi, n'kumunyamuliranso mpaka kumapeto kwa khonde.

Anafika pachipata cha kwawo miyendo n'kukana. Tinawalowetsa m'nyumba pa kapeti, ine mbali iyi, akazi awo a Hosiyat, amene mwaulemu timawatchula kuti Hosiyat opa, mbali inayo, ndipo anatha sabata akuyang'ana kudenga. Mwezi utatha anakwawira ku positi kukatenga ndalama yawo, mayi wa pazenera n'kuwauza, akuwatchula aka mmene timalemekezera amuna kuno, kuti, "Dzina lanu palibe, Norkobil aka. Akuti mwachira, mukhoza kugwira ntchito."

Mukudziwa chimene anayankha? "Tikuyamika."

Zimene zinachitika kunyumba ndinazimva ndekha, mpanda wathu ndi waufupi.

"Abambo a Sanobar, ndamva kuti mwachira," anayamba Hosiyat opa.

"Akutero madokotala, mayi a Sanobar."

"Ndiye dzukani mukawaze nkhuni. Dzukanitu, ngwazi ya ku Samarkand! Ine ndimakuvekani masokosi m'mawa uliwonse ngati khanda, inu n'kukauza boma kuti mumathamanga ndi akavalo? Chisanu chikubwerachi tisonkhera chiyani, ulemu wanuwo?"

"Ndikanatani? Anandifunsa mwaulemu."

"Manyazi anapha lambe. Tikachita apilo ku likulu la chigawo, ndipo ulendo uno mukadandaula, mufune musafune."

Koma kudandaula ndi luso, sungangolidzukira uli ndi imvi. Choncho Hosiyat opa anaitana mchimwene wawo, a Mirzahakim, kuti adzaphunzitse mlamu wawo. A Mirzahakim inu! Munthu wa masaya ofiira, wodya mbale ya anthu atatu ya osh, mpunga wathu wa nyama uja, n'kunyambita zala, sanagonepo m'chipatala chibadwire. Koma muwafunse kuti muli bwanji, yambani mwakhala pansi. Ayambira chiwindi, atsikire ku impso, akhotere ku bondo, pofika ku chidendene tiyi wazizira.

"Mlamu, tamverani," anayamba choncho mphunzitsiyo. "Musamayankhe msanga. Yambani mwausa moyo, uuuuh. Kenako yang'anani kudenga ngati mukutsanzikana ndi dziko. Tiyeni tiyese. Muli bwanji, a Norkobil?"

"Uuuuh. Tikuyamika."

"Ayi! Nenani kuti ndikufa!"

"Ndiname? Sindikufa ine."

"Chabwino, nenani zoona. Msana ukupweteka."

A Norkobil anayesa, thukuta lili kamukamu pamphumi. "Msana uku... uku... ukuyamika."

Hosiyat opa anaponya chopukutira pansi n'kutuluka panja kukakalipira nkhuku. Maphunziro anapitirira mpaka tsiku la ulendo. Mphunzitsi ananenepa ndi chakudya cha mlongo wake, wophunzira sanasunthe.

Tsiku la apilo Hosiyat opa anali atagwiriratu mpando wakutsogolo m'takisi kuti amuna awo atambasule miyendo. Galimoto ili pafupi kunyamuka, panatulukira nkhalamba ya ndevu zoyera mbee. Mukuganiza kuti a Norkobil anatani? Anatsika, dzanja pamtima, n'kuikhazika kutsogolo. Iwo anakapanikizika kumbuyo, uku a Mirzahakim, uku thumba la mavwende, msewu wake wokumbika ngati munda. Potsika anali atapindika, mphuno ikuyang'anizana ndi mawondo.

"Mulungu ndi wamkulu!" anatero Hosiyat opa. "Mukhale choncho. Musawongoke, ndikukupemphani, musawongoke!"

Koma pakhomo la chipatala panali anthu, ndipo anthu ali ndi maso. A Norkobil anakukuta mano, anagwira khoma, n'kuwongoka pang'onopang'ono mpaka anaima njo ngati msilikali. Anakonzanso ndi chipewa chomwe.

Pa benchi yodikirira a Mirzahakim anaganiza zopereka chitsanzo chomaliza. "Onani, mlamu, muzitere." Anagwira pamimba, anatembenuza maso, n'kutulutsa kubuula kochokera pansi pa mchombo, kwakuti mayi wina wa ndodo anawapatsa malo. Posakhalitsa anamwino awiri anatulukira ndi machira.

"Wodwalika ndi uti?"

Benchi yonse inaloza a Mirzahakim.

"Ine ndangoperekeza! Wodwala ndi mlamu wangayu!"

"Onse amatero, aka. Gonani apa."

Anapita nawo akukuwa, nsapato imodzi itatsala pansi pa benchi. Mphunzitsi anathera pomwepo, ndipo dzina la a Norkobil linaitanidwa.

M'katimo munali madokotala atatu, pakati pali mkulu wadazi, wamagalasi, a Holmatov. Madokotalawo anawalola Hosiyat opa kukhala pakona pokhapokha asatsegule pakamwa.

"Muli bwanji, aka?" anafunsa a Holmatov.

Dzanja la a Norkobil linanyamuka lokha kulunjika pamtima. Pakona panamveka chifuwa. Dzanja linaima m'malere, linasowa kopita, n'kukakanda khosi.

"Tiku... tilipo, adokotala. Kaya inu? Ana ali bwanji?"

"Anzathu analemba kuti mumayenda wapansi mpaka ku Samarkand. N'zoona?"

A Norkobil anayang'ana nsapato zawo. Kukana kunali kuvomera kuti ananama, kuvomera kunali kutaya malasha. Hosiyat opa akuti apa anaona chisanu chonse chikulowa m'nyumba mwawo.

A Holmatov anawayang'ana nthawi ndithu pamwamba pa magalasi. Kenako anatambasula dzanja kuti atenge kapu ya tiyi, n'kugwira m'chiuno mwadzidzidzi.

"Oooh! Pepani, aka, ndi msana wangawu. Inu simungamvetse, ndinu munthu wochira. Ndikuuzani, m'chigawo chonse chino palibe munthu wovutika ndi msana ngati ine. Ndikakhala pampando theka la tsiku, umayamba kunyerenyetsa."

Ndevu za a Norkobil zinagwedezeka.

"Kunyerenyetsa?"

"Koopsa."

"Theka la tsiku? Adokotala, ndi ulemu wonse, umenewo si msana, n'kutopa kwa anthu ophunzira. Ine kapu ya tiyi sindiimaliza nditakhala. Ndimayamba chokhala, ndipitirize choimirira, ndimalize chogona."

"Komabe simungandipose. Ine povala nsapato ndimabuula."

"Mumavala nokha? Ha! Ine masokosi amandiveka ndi mayiwa. Afunseni!"

"Ine pabedi ndimangotembenuka."

"Mumatembenuka! Pabedi! Ine ndimagona pa chitseko chimene tinazula ku khola, ndipo mmene ndagonera ndi mmene ndimadzukira." Apa anali atatentha, zoti ali ku komishoni ataiwala. Anakwinya chimkanjo, anakweza malaya. "Taonani chipsera ichi, mwana wa sukulu inu, kutalika ngati njanji! Mwendo wamanzerewu tengani singano mubaye, ndikati mayo mundilipiritse nkhosa. Bayani! Tsiku lija ndinatola cholembera ndinalowa m'nyumba pa kapeti ngati maliro. Inu munalowapo m'nyumba pa kapeti?"

"Ayi ndithu," anavomera a Holmatov, uku madokotala enawo akulemba ngati aphunzira lero.

"Ndiye musamapikisane ndi akuluakulu. Mdzukulu wanga anabadwa, wakwawa, wayamba kuyenda, ine sindinamunyamulepo. Amakweza manja chonchi, ine ndimanamizira kuti ndikufuna chipewa. Ululu ukafika penipeni ndimapita ku khola, ndimaluma chingwe cha ng'ombe, ndimalira ngati mwana, kuti mayiwa asamve. Inu chingwe munalumapo?"

Ndi pamene a Norkobil anakumbukira kuti pakona pali munthu. Anatembenuka thupi lonse, poti khosi lokha silitembenuka.

"Ndimamva," anatero Hosiyat opa motsitsa mawu. "Mumayesa chingwecho amachapa ndani?"

Pondifotokozera zimenezi pampanda, mayi uja amene amaopedwa ndi msika wonse anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Zaka zonsezi anthu awiri m'nyumba imodzi, wina kubisa, wina kunamizira kuti sakuona.

A Holmatov anawagoneka, anawapima, anabayadi ndi singano ija, nkhosa sinalipidwe. Atatha anati, "Chigamulo chija tachifafaniza, aka. Ndalama yanu ibwerera, ndi ya miyezi munaphonyayo. Mwandiposa, ndavomera." Kenako anaimirira kuti atsanzike, n'kufunsa mmene aliyense amafunsira, "Ndiye tsopano mukupeza bwanji?"

Dzanja pamtima, nkhope yowala. "Aa, adokotala, ine ndili bwi..."

Sanamalize. Hosiyat opa anali atabwera ndi buledi m'chikwama, wa ku Samarkand weniweni, uja wolimba woti ukhoza kukhomera msomali. Ananyema chibenthu n'kuwatseka nacho pakamwa. Tsono buledi kuno salavulidwa, ngakhale mwana amadziwa. A Norkobil anatafuna potuluka, anatafuna pakhonde, anatafunabe mpaka pachipata, ndipo aliyense wowapatsa moni ankangomugwedezera mutu.

Pachipatapo anapeza a Mirzahakim akutsimphina, nsapato imodzi, atawabaya jakisoni kuthako ndi kuwamezetsa chipaipi mpaka m'mimba. Madokotala anawauza kuti thupi lawo ndi la mnyamata wopita ku usilikali. Njira yonse anadandaula, ulendo uno zoona zokhazokha, koma palibe anawamvera, poti tinazolowera.

Malasha anagulidwa, chisanu chinadutsa. Ndiye mwezi wathawu kunali ukwati kwa achibale a woyendetsa takisi uja, ine ndi a Norkobil tinakhala tebulo limodzi. Ng'oma zitakolera, pabwalo panalowa mkulu wadazi, wamagalasi. A Holmatov! Inu, munthu kuvina! Manja m'mwamba, mapewa akugwedezeka, kunjuta mpaka pansi n'kudzuka ngati mphira, kuwerama chagada mpaka chipewa kugwa, n'kuchitola osagwira bondo. Ndinawakodola anzangawo.

"Aka, si dokotala wanu wa msana uja?"

A Norkobil anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu mwachisoni, dzanja pamtima.

"Ndi yemweyo, wosauka. Taonani mmene akubisira ululu pa anthu. Munthu woleredwa bwino ameneyo."